Injini Yakale ndi Kompyuta Yogawa Petulo

Pa mafamu ambiri ndi kuseri kwa magalaji a m'matauni athu mukali magalimoto a petulo amene anapangidwa makolo athu ali anyamata: Land Rover ya Series II ndi Series III, Peugeot 404 ndi 504, Datsun 1200, ndi Toyota Land Cruiser ya injini ya F kapena 2F. Ena akunyamulabe matumba a feteleza ndi tomato wopita kumsika, pamene ena akhala pa njerwa zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando. Onsewa amamwa petulo kudzera mu kabureta. Masiku ano pa intaneti pakugulitsidwa zipangizo zimene munthu angaike m'malo mwa kabureta, zogawa petulo molamulidwa ndi kompyuta, njira imene amakanika amaichula mwacidule kuti EFI. Otsatsa malonda amalonjeza mphamvu, kulira msanga m'mawa ndi kucepa kwa mafuta. Popeza mtengo wake ndi waukulu, ndipo kwa mlimi ndalamazo zimacokera m'thumba limodzimodzilo ndi za mbewu ndi za sukulu, n'koyenera kuti tidziwe cimene cipangizoci cimacita tisanagulitse ng'ombe.

Mfundo yaikulu ndi yakuti EFI ndi muyeso. Imapima petulo molondola kuposa kabureta ina iliyonse, koma imapimira injini imene yaipeza. Ngati injiniyo ndi yabwino, imaitumikira bwino. Ngati ndi yodwala, matenda ake amaonekera msanga kuposa kale. Kuti nkhaniyi isauluke m'mwamba, titenga citsanzo cimodzi cimene ambiri a inu mwacigwirapo ndi manja: injini ya petulo ya Land Rover ya masilinda anayi, ya 2,286 cc, imene inayamba kupangidwa mu 1958 ndipo mphamvu yake ndi mahosipawa 70 kapena kupitirira pang'ono.

Cakudya ca injini

Injini ya petulo imadya mpweya wambiri ndi petulo wocepa. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Tikapima ndi malita, lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000, ndiko kuti madiramu 45 a malita 200. Petulo akaculuka kuposa muyeso umenewu, wina amatuluka wosapsa: utsi umada, mapulagi amadzala mwaye, ndipo petulo wotsalayo amatsuka oilo m'makoma a silinda kotero kuti maringi amatha msanga. Petulo akacepa kwambiri, injini imatsokomola ikapondedwa moto, imatentha ikamakoka katundu, ndipo mavalavu angapse.

Komatu muyeso woyenera sukhala umodzi nthawi zonse. M'mawa wa mu June, injini ili yozizira, gawo lalikulu la petulo limamatirira m'makoma a citsulo osasanduka nthunzi, motero pamafunika woculuka kuti ilire. Pokwera phiri ndi katundu, injini imakoka bwino pa magawo 12.5 mpaka 13 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Poyenda mofatsa pa msewu wosalala, 14.7 kapena kupitirira pang'ono ndi wokwanira. Nchito yonse ya kabureta, ndiponso ya EFI, ndiyo kupeza muyeso woyenera pa mphindi iliyonse.

Kabureta imacita zimenezi popanda magetsi. Mpweya wokokedwa ndi mapisitoni umadutsa pa khosi lopapatiza, pamenepo umathamanga ndi kuyamwa petulo pa kabowo ka jeti, monga mmene pampu yakale yopopera udzudzu inkayamwira mankhwala m'kacitini kake. Ndi nzeru yosiririka, ndipo Solex ndi Zenith za pa Land Rover zatumikira zaka makumi ambiri. Kufooka kwake n'kwakuti kabureta siidziwa bwino kulemera kwa mpweya umene ukudutsa. Land Rover inkapangidwa ku Solihull, ku England, malo otsika kumene mpweya ndi wothithikana. Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kupanikiza kwa mpweya kumeneko ndi pafupifupi 87 kPa, pamene m'mbali mwa nyanjayo ndi 101 kPa. Jeti yoyenera malo otsika imapereka petulo wopitirira muyeso pa malo okwera. Tingaisinthe n'kuika yaing'ono, koma galimoto ikatsikira ku Chirundu, pa mamita pafupifupi 400, jeti yomweyo imayamba kupereka wocepa. Kabureta imakhala yolondola pa malo amodzi ndi nyengo imodzi, kwina konse imangoyandikira.

Mmene EFI imapimira

Aliyense amene anapoperapo mankhwala m'munda ndi sipuleya ya kumsana akudziwa kale maziko a EFI. Ngati mphamvu ya pampu ndi yosasintha, ndipo nozo ndi yomweyo, kuculuka kwa mankhwala otuluka kumadalira cinthu cimodzi cabe: kutalika kwa nthawi imene dzanja lafinya cogwirira. Injekita ndi nozo yokhala ndi cotsegulira ca magetsi. Pampu ya magetsi imakankha petulo, kacipangizo kolamulira kamasunga mphamvu yake pa mlingo umodzi, ndipo kompyuta yaing'ono yochedwa ECU imatsegula injekita kwa kamphindi kowerengedwa m'mamilisekondi, ndiko kuti magawo a sekondi imodzi itagawidwa ka 1,000. Injini ikamalira galimoto itaima, mamilisekondi awiri kapena atatu amakwanira. Ikamakoka katundu, nthawiyo imatalika.

Kuti iwerengere nthawiyo, ECU imadalira masensa. Yoyamba imaiuza liwiro la injini. Yaciwiri, yochedwa MAP, imapima kupanikiza kwa mpweya m'manifodi, ndipo ndiyo imadziwitsa kompyuta ngati injini ikukoka kapena ikupuma, ndiponso ngati galimoto ili kumtunda kapena kucigwa. Yacitatu imapima kutentha kwa mpweya wolowa, pakuti mpweya wa mu October ndi wopepuka kuposa wa mu June. Yacinayi imapima kutentha kwa madzi a injini, ndipo imalowa m'malo mwa choke. Yacisanu ili pa kakhomo ka mpweya, ndipo imanena mmene phazi lapondera akisileta. Mkati mwa ECU muli tebulo la manambala lonena petulo wofunika pa liwiro lililonse ndi katundu aliyense. Kompyuta imawerenga tebulolo, n'kuwonjezera kapena kucotsera malinga ndi kutentha.

Sensa yacisanu ndi cimodzi ndiyo mboni ya zonse. Imamangidwa m'paipi ya ekizosi, ndipo imapima okisijeni wotsala mu utsi. Akatsala wambiri, petulo anacepa. Akasowa, petulo anaculuka. ECU imamva umboniwo n'kukonza muyeso wake kambirimbiri pa sekondi, cinthu cimene kabureta siingacite.

Nzeruyi si ya dzulo. Mu 1958 kampani ya Chrysler ku America inaika cipangizo ca Bendix cochedwa Electrojector pa magalimoto owerengeka, koma zamagetsi za nthawiyo zinali zosadalirika, ndipo ambiri mwa magalimotowo anabwezeredwa makabureta. Bosch ya ku Germany inapitiriza nchitoyo n'kutulutsa D-Jetronic mu 1967 pa Volkswagen 1600, ndipo sensa ya okisijeni inayamba kuikidwa pa magalimoto a Volvo mu 1976. Mu 1988 Toyota inaika EFI pa injini ya Land Cruiser ya banja lomwelo la F n'kuicha 3F-E, umboni wakuti injini ya kapangidwe kakale ingalandire muyeso watsopano. Cimene cinatsegulira khomo amakanika wamba ndi ECU yochedwa MegaSquirt, imene Bruce Bowling ndi Al Grippo anatulutsa mu 2001 kuti munthu aziilumikiza ndi kuichuna yekha. Pambuyo pake panabwera Speeduino, yomangidwa pa kabolodi ka Arduino, yotsika mtengo koposa.

Njira ziwiri

Njira yapafupi ndiyo kuika cipangizo cimodzi pamalo pamene panali kabureta, cokhala ndi kakhomo ka mpweya ndi injekita imodzi kapena awiri. Manifodi yakale imakhala yomweyo, ndipo galimoto ingabwezeredwe kabureta tsiku limodzi. Pa Land Rover njirayi imathandizidwa ndi kapangidwe ka injini, pakuti manifodi yolowetsa mpweya inamangidwa pamodzi ndi ya ekizosi, ndipo kutentha kwake kumathandiza petulo kusanduka nthunzi. Cotsalira n'cakuti masilinda sagawana petulo mofanana ndendende, monga zinalili ndi kabureta. Njira yaciwiri ndiyo kupatsa silinda iliyonse injekita yake pafupi ndi valavu. Imagawa bwino koposa, koma imafuna kuboola ndi kuwotcherera manifodi kapena kupanga yatsopano, nchito ya mmisiri wodziwa.

Pa njira zonse ziwiri, kukula kwa mainjekita n'kofunika. Injini ya mahosipawa 70, itapondedwa moto wonse, imamwa malita pafupifupi 20 pa ola. Zipangizo zambiri zotsatsidwa pa intaneti zinapangidwira mainjini aakulu a V8 a ku America, a mphamvu yoposa pamenepa kasanu kapena kupitirira. Kuika zotere pa injini yaing'ono kuli ngati kuthirira nazale ya anyezi ndi paipi ya pampu ya kumtsinje: injekita siingatseguke kanthawi kocepa mokwanira, ndipo injini siilira mosalala galimoto itaima.

Zinthu zinayi zoyamba kukonza

Coyamba ndi injini yeniyeniyo. Itenthetseni, cotsani mapulagi onse, tsegulani kakhomo ka mpweya, ndipo pimani kompuresheni ya silinda iliyonse. Ngati silinda ina yasiyana ndi zinzake kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi, thirani kasupuni ka oilo pa bowo la pulagi ndi kupimanso: muyeso ukakwera, maringi atha, ukapanda kukwera, vuto lili ku mavalavu kapena ku gasiketi. Mpata wa mavalavu pa injini ya Land Rover imeneyi ndi 0.25 mm. Zimenezi zimakhudza EFI mwacindunji. Injini yowotcha oilo imaipitsa sensa ya okisijeni. Mng'alu wa m'paipi ya ekizosi umalowetsa mpweya wakunja, sensa n'kunena kuti petulo wacepa, kompyuta n'kuwonjezera petulo wosafunika. Pulagi yosayaka imanamiza sensa mwanjira yomweyo. Tikumbukirenso kuti mainjini ambiri akale anapangidwira petulo wa mtovu, amene ankateteza mipando ya mavalavu. Petulo ameneyo analekeka pa dziko lonse mu 2021, pamene Algeria inatsiriza wake, motero injini yokoka katundu wolemera imafuna mipando ya mavalavu ya citsulo colimba, kaya ili ndi kabureta kapena EFI.

Caciwiri ndi magetsi. Kabureta siifuna magetsi, koma pampu, mainjekita, ECU ndi cotenthetsera sensa ya okisijeni pamodzi zimadya maampu 10 mpaka 15. Land Rover zopangidwa caka ca 1967 cisanafike zinali ndi waya wa pozitivu wolumikizidwa ku chasisi, pamene ECU imafuna kuti negativu ndiye alumikizidwe kumeneko. Kulakwitsa apa kumawotcha kompyuta nthawi yomweyo. Dainamo ya Lucas C40 imapereka maampu 22 ikathamanga, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono siichaja kwenikweni. Tikawonjezera nyali zausiku, batire limatha. Alitaneta ndi yofunika, imene Series III inabwera nayo kuyambira 1971. Mawaya a mapulagi a mkuwa wokhawokha amatulutsa phokoso la magetsi losokoneza kompyuta, cotero asinthidwe ndi aja oletsa phokosolo. Mawaya a ethi akhale onenepa, omangidwa pa citsulo copalidwa dzimbiri.

Cacitatu ndi njira ya petulo, ndipo apa pali moyo wa munthu. Pampu yakale ya pa injini imakankha ndi mphamvu yosafika theka la bar. Mainjekita ambiri amafuna mabar atatu kapena anayi, kuposa mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Paipi yakale ya labala ikabooka pa mphamvu imeneyi, petulo satonyeza koma amafwamphuka ngati nkhungu, ndipo pafupi pomwepo pali manifodi ya ekizosi yotentha. Pa Land Rover zambiri zamtunduwu thanki ili pansi pa mpando wa dalaivala. Mapaipi onse akhale opangidwira EFI, monga olembedwa SAE J30R9, ndi zomangira zake. Pampu ilamulidwe ndi ECU kudzera mu rile, kuti injini ikazima pa ngozi pampu nayo iime. Pafunikanso paipi yobwezera petulo wotsala ku thanki, ndi masefa awiri: ya mamaikuloni 100 pampu isanafike, ndi ya mamaikuloni 10 pambuyo pake. Thanki ya zaka 50 imakhala ndi dzimbiri, ndipo petulo wa m'zigubu amabwera ndi fumbi ndi madzi. Jeti ya kabureta ikatsekeka timaipuzira ndi pakamwa. Injekita yotsekeka imafuna makina. Palinso ici: kabureta ili ndi kambale kake kosungira petulo, pamene EFI ilibe. Thanki ikakhala pafupi kutha, galimoto n'kupendekeka pa mtsetse, pampu imayamwa mpweya ndipo injini imadukiza. Mankhwala ake ndi kathanki kakang'ono ka lita imodzi kapena awiri kokhala kodzaza nthawi zonse, kamene pampu imayamwamo.

Cacinayi ndi moto wa mapulagi. Mavuto ambiri amene timanamizira kabureta amacokera ku disitiribyuta: mapointi opsa, shafuti yogwedera, masipuling'i otopa. Pa cifukwa cimeneci, gawo lalikulu la kusintha kumene anthu amamva ataika EFI limacokera ku moto wokonzedwa. ECU zambiri zingalamulirenso moto ngati pa pule ya kutsogolo kwa injini paikidwa gudumu la mano 36 locotsedwa dzino limodzi. Mano ake amatalikirana madigiri 10, ndipo mpata wa dzino losowalo umauza kompyuta pamene pisitoni yoyamba yafika.

Kuchuna

Kumanga zipangizo ndi theka la nchito. Tebulo la m'kompyuta liyenera kudzazidwa ndi manambala oyenera injini yanu, pogwiritsa nchito laputopu ndi pulogalamu monga TunerStudio. Mmodzi amayendetsa, wina amayang'ana manambala. Munthu mmodzi asacite zonse ziwiri. Zipangizo zochedwa zodziphunzitsa zokha zimakonza tebulo injini itatentha, potsata sensa ya okisijeni, koma kulira kwa m'mawa kumafunabe dzanja la munthu, ndipo kungayesedwe kamodzi kokha pa tsiku, injini itagona usiku wonse. Sensa ya okisijeni imangidwe pamene utsi wa masilinda onse wakumana, yoweramira pansi pang'ono kuti madzi a m'paipi asakhalemo, ndiponso kutali ndi kumapeto kwa paipi kumene mpweya wakunja umabwerera.

Kuwerengera

Nanga phindu lake n'ciani? Injini yabwino yoikidwa EFI yochunidwa bwino imalira msanga m'nyengo yozizira, siitsamwa ikatentha, imasunga mapulagi ndi oilo zaukhondo, ndipo imayenda mofanana kumtunda ndi kucigwa. Koma siingapange mpweya umene palibe. Injini yopanda tabo imataya pafupifupi magawo atatu mwa 100 a mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera, ndipo mphamvu imeneyo EFI siibweza. Mavalavu, kamushafuti ndi kukula kwa masilinda ndizo zimaika malire.

Za kusunga mafuta, mlimi awerengere yekha. Tiyerekeze kuti galimoto yanu imamwa malita 15 pa makilomita 100, ndipo imayenda makilomita 5,000 pa caka. Amenewo ndi malita 750. Tiyerekezenso kuti EFI yapulumutsa gawo limodzi mwa magawo khumi: malita 75 pa caka. Tsopano phatikizani mtengo wa cipangizo, wotumizira, msonkho wa pa malire, alitaneta, mapaipi, masefa ndi malipiro a makanika, ndipo mugawe ndi mtengo wa malita 75 lero. Yankho lake ndi zaka zimene zidzapite ndalama zanu zisanabwerere. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku ingabweze msanga; yotuluka pa nthawi yokolola yokha ingafike pokalambiratu ngongole ikalipo.

Pali mtengo wina wosalembedwa pa lisiti. Walira mvula walira matope. Land Rover ya kabureta ingalizidwe ndi hando kapena pokankha ngakhale batire litafooka, ndipo makanika wa pa msika uliwonse angaikonze ndi sipanala ndi sikuludiraiva pansi pa mtengo. Ya EFI imafuna batire lamphamvu kuti pampu ndi kompyuta zidzuke, ndipo sensa imodzi ikafa pakati pa thengo, tomato akuwola kumbuyo, palibe waya kapena mphira imene ingalowe m'malo mwake. Wosankha njirayi asankhe masensa, pampu ndi mainjekita a magalimoto ofala kuno, opezeka m'mashopu a masipeya ndi kwa ophwasula magalimoto, ndipo aziyenda ndi pampu, rile ndi sensa ya liwiro zapadera. Asungenso manambala a m'kompyuta pa malo awiri. Tinenenso kuti zonsezi n'za injini za petulo zokha. Mathirakitala ndi zigayo za dizilo zili ndi mainjekita a mtundu wina, ndipo cipangizoci sicizikhudza.

Uphungu wathu kwa inu amene muli ndi galimoto yakale ndi wakuti muyambe ndi zotsika mtengo, motsatana. Pimani kompuresheni ndi kuika mipata ya mavalavu. Tsukani thanki. Konzani disitiribyuta, ndipo ngati n'kotheka ikani kacipangizo ka magetsi m'malo mwa mapointi. Sinthani magasiketi a kabureta, onani ngati shafuti yake ikulowetsa mpweya m'mbali, ndipo ikani jeti yoyenera kukwera kwa dera lanu. Mukatero yendani mwezi wathunthu, mukulemba malita ndi makilomita m'kabuku. Nchito zonsezi, kupatulapo ya kabureta, zidzafunikabe mukadzasankha EFI, motero ndalama zake sizipita pacabe. Ngati pambuyo pa mweziwo manambala a m'kabuku akuonetsa kuti EFI idzadzilipira, ndipo pafupi nanu pali munthu wodziwa kuichuna, pitirizani. Koma kabureta, manifodi, pampu yakale ndi disitiribyuta musazigulitse kwa ogula zitsulo. Zipakeni oilo, zikulungeni m'thumba, ndi kuzisunga pa malo ouma. Ogula magalimoto akale amafuna zipangizo zake zoyambirira, ndipo inu nomwe mungadzazifune tsiku limene sensa yaitanitsidwa kunja koma cimanga cikudikira pa munda.